Tsiku Limene Ndinalira Munthu Wamoyo

Anzanga a kutchalitchi kuno ku Croydon, mu London muno, akamandifunsa kuti holide inayenda bwanji, ndimangoti nyanja inali yokongola. Si bodza ayi. Koma pali agogo ena aamuna pachilumba china cha ku Caribbean amene ndikukhulupirira kuti mpaka lero, akafuna kugona masana, amayamba asuzumira kumsewu.

Ndinapita ndi mwana wanga Thoko, mtsikana wa kusekondale, wobadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, makamaka ndikamamunena pafoni, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Chitenje ankati ndi nsalu ya patebulo. Zimenezi zinkandiwawa. Zaka zonsezi ndakhala ndikusambitsa makolo a eni kunyumba yosungira okalamba, koma mwana wanga yemwe osadziwa ngakhale kugwada popereka moni kwa akulu. Ndinkaopa kuti tsiku langa likadzafika, adzaima pamaliro anga manja ali m'thumba.

M'mawa wina tinakwera kaminibasi ka ulendo wa theka la tsiku, wokaona chikhalidwe cha eni chilumba. Munali azungu angapo ofiira ndi dzuwa, ife awiri, ndi wotiperekeza dzina lake Desmond, bambo wolankhula ngati wailesi. Anationetsa tchalitchi chakale, msika wa nsomba, kenako mtengo wa mango. Azungu anaujambula mbali zonse. (Ine amene ndinaguluka dzino nditagwa mumtengo wa mango ku Ntcheu, lero kundionetsa mango ngati chodabwitsa.) Ndinayamba kuwodzera, moti zimene Desmond ankafotokoza za kumene tikupita zinangondidutsa.

Ndinadzidzimuka minibasi itaima m'mudzi wina. Kuyang'ana pawindo, nthambi zaziwisi zayalidwa pamsewu, uku ndi uku, kutsogolo kwa nyumba ina. Pabwalo panali amayi ovala mipango yoyera, atakhala pansi, akuimba motsitsa nyimbo ya kutchalitchi. Pakhonde panali bedi, ndipo pabedipo munthu atafunda nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Inuyo mukanaganiza chiyani? Kwathu masamba pamsewu safuna womasulira. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula.

Ndiye ndikuona azungu aja akutsika ndi makamera, akuseka, wina kabudula wolekeza muno. Magazi anandiwira.

"Thoko, tulutsa zitenje m'chikwamamo," ndinatero. (Inde, ndimayenda ndi zitenje ziwiri ngakhale m'kasitima ka m'tauni. Lero mwadziwa chifukwa chake.)

"Mum, no. Please," anatero iye, akubisa nkhope.

"Iwe, maliro n'kulirana. Vala, uone mmene anthu amachitira."

Potsika ndinavula mzungu wina chipewa n'kumupatsira m'manja. Desmond anayamba kunena kanthu, ine ndinamuletsa ndi dzanja. Ndinavula nsapato, ndinayenda chowerama, n'kukagwada pafupi ndi amayi aja. Ndinawagwira chanza mmodzimmodzi, pepani, pepani. Iwo ankangomwetulira. Ndinati mumtima, koma anthuwa ndi olimba mtima.

Kenako ndinayang'ana nsalu yoyera ija, n'kukumbukira bambo anga. Iwo anamwalira ine ndili pa shifiti, ndipo maliro awo ndinaonera pafoni, nditakhala pamasitepe a kuntchito. Misozi imene inakana kutuluka tsiku limenelo inapeza khomo. Ndinalira, abale. Osati kulira kwa ku London kopukuta ndi tishu, koma kwa kwathu kwenikweni, manja kumutu. "Bambo anga ine, mwatisiya ndi yani!"

Nsalu inagwedezeka. Inatsika pang'onopang'ono, ndipo panatulukira nkhope ya agogo a ndevu zoyera, diso limodzi lokha lotsegula. Anandiyang'ana, anayang'ana akazi awo, n'kufunsa m'Chingerezi chawo cha pachilumbapo kuti wamwalira ndani.

Safunsa anadya phula. Agogowo ankangogona tulo, atafunda pothawa ntchentche. Nthambi zija zinali za kokonati, anaziyala kuti zifote, azilukira alendo zipewa. Amayiwo ankapala chinangwa choti atiphikire buledi wa kwawoko (mabeseni ndinawaona, koma pamaliro pamaphikidwanso), ndipo kuimba kuja kunali kotilandira ifeyo.

Anthu anaseka mpaka mayi wina anagwa chagada. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Nditacheuka kuti ndione kumene Thoko wathawira, ndinamupeza kumbuyo kwanga, atagwada, chitenje atachimanga chokhota, maso ali psu. Nayenso ankalira agogo ake amene sanawaonepo.

Nditawafotokozera za masamba a kwathu, agogo aja anasiya kuseka. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ana awo onse ali ku England, ndipo ankadzifunsa ngati padzapezeke wowalira chonchi. Tsopano adzimvera okha, ndipo akhutira. Anandilukira chipewa ndi manja awo. Chili pakhoma pabalaza panga, ndipo aliyense wobwera ndimamuonetsa, ngakhale nkhani yake ndimaidumpha.

Mwezi watha kunagwa maliro enieni ku Woolwich, amayi a mnzathu wa kuntchito. Ndikuvala nsapato, ndinangoona Thoko watulukira, chitenje atamanga kale, osatumidwa. Titafika kunyumba ya malirowo anagwada pakhomo pomwe, n'kuyamba kupereka chanza kwa amayi onse. "Pepani, pepani," Chichewa chomveka bwinobwino. Mtima wanga unadzaza. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti aliyense adziwe kuti ameneyu ndi wanga.

Atakhala pansi pafupi nane, anandinong'oneza kukhutu.

"Mum, mwapanga check? Amwaliradi?"

Ndinamutsina pantchafu. Koma kunena zoona, ndinali nditafunsa kale pakhomo.