Woweruza Wofunsa za Maloto

Malemu woweruza wathu uja sankagamula mlandu asanamve zimene munthu walota. Anthu ankangowatcha a Munalotanji.

Wakuba nkhuku ankalowa m'khoti maganizo ali kundende, iwo n'kuvula magalasi.

"Mayi anu ankakunyamulani muli mwana?"

"Bwana, ine ndangoba nkhuku basi."

"Nkhukuyo tiipeza. Tiyambe ndi mayi."

Loya wa boma atadandaula kuti nthawi ikutha, anamufunsa mofatsa ngati bambo ake ankamufulumizitsa pakudya. Abale inu, munthu wamkulu ndi tayi yake analira mpaka kalaliki kumubwereka mpango!

Koma amene amawadziwa bwino ndi telala wa kuseri kwa msika. Mng'ono wake anamusumira polimbirana makina osokera amene bambo awo anasiya. Za makinazo telala analibe nazo mantha. Chinkamudya mumtima n'choti mng'ono wake yekhayo ankamudutsa pamsewu ngati mtengo.

"Munalotanji, a telala?"

"Sindilota ine, bwana, ndimagona ngati chipika."

"Nanga inu?"

Mng'onoyo anazyolika. "Ndinalota bambo akuphunzitsa achimwene kusoka, ine ndili pakhomo kungoonerera."

"Ndi maloto amenewo, kapena zinachitikadi?"

"Zinachitikadi, bwana. Tsiku ndi tsiku."

Telala anachita manyazi mpaka thukuta. Zaka zonsezi ankangoti mwanayo ndi waulesi, sankafuna ntchito.

"Makina akhale pomwe alipo," anagamula a Munalotanji. "Wamkulu aphunzitse wamng'ono. Mubwerenso wamng'onoyu akandisokera malaya."

Malayawo anatuluka mkono wina wautali, kolala itapenya kumwamba. Iwo anawavala m'khoti sabata yathunthu, akuweruza milandu ndi mkono wautaliwo.

A Munalotanji atamwalira, abale awiri aja ananyamula nawo bokosi, akukangana chapansipansi kuti wina akusiyira mnzake kulemera.

Woweruza amene alipo pano ndi wachangu zedi, dzuwa lisanafike pamutu milandu yatha. Palibenso wolira, palibenso woseka, mabenchi ali zii. Anthu amatuluka ndi chigamulo chawo, uyu kulowera uku, uyo kulowera uko, osayang'anana n'komwe. Telala akawaona akudutsa pashopu amaimitsa makina, chisoni chitamugwira.

"Ifenso tikanatuluka chonchi," amatero kwa mng'ono wake. "Tandipatsa sizasi, iwe."