Chiboliboli Changa Chapita kwa a Muhiwa

Lolemba

Sisitala wachizungu wa pa kachipatala ka pa esiteti wabwera kusukulu kwathu kudzaona ana a mphere. Kwawo akuti ndi ku Finilandi. Mu ofesi akutionetsa chithunzi: chiboliboli chachitsulo pakati pa tauni, bambo atakhala pamwala, buku pabondo. Ndikufunsa ngati anali mfumu kapena msilikali. Ayi ndithu. Ankangoyenda m'midzi kulemba nyimbo za okalamba. Nyimbo za eni ake, chiboliboli chake!

A Muhiwa, mphunzitsi mnzanga, akulowerera: "Ife a kwaya izi timazidziwa bwino." Sisitala akuwamwetulira. Ine mtima ukuwawa.

Zomwe a Muhiwa ali nazo: njinga yatsopano, wotchi, kwaya imene inamvekapo pa wailesi kamodzi kokha koma mpaka lero sitipuma nayo, dazi, makutu aakulu.

Zomwe ine ndili nazo: choko.

Ndaganiza. Wolemba nyimbo za kuno ku Mulanje ndikhala ine. Chiboliboli sindidikira kuti ndife kaye.

Lachiwiri

Mayi a Gelesi, mkazi wanga, amaumba miphika ndi mitsuko yogulitsa pa msika wa Chitakale. Woumba mtsuko angalephere mutu wa mwamuna wake? Ndikuwapempha andiumbire chiboliboli changa. "Bambo a Gelesi, mwayamba liti kumwa masana?" Koma avomera.

Ndakhala pampando kuti aziona nkhope. Linthumbu likundikwera m'thalauza. Ndikuyenda, ndikukhala, ndikuwalangiza za mphuno. Akuti nditseke pakamwa chifukwa chibwano chikusokonekera. Lero tafika m'mapewa basi.

Lachitatu

Poweruka ndanyamuka ndi kope ndi pensulo kulowera kumidzi ya m'munsi mwa phiri. Chiperoni chikuwaza, nsapato zanyowa.

Amayi akusinja kuseri kwa nyumba, nyimbo ya Chilomwe yokoma zedi. Ndikutulutsa kope. Misi yonse yaima. Wina wathamangira m'nyumba, wabwera ndi khadi lake la chipani. Ndikuti sindinabwerere makhadi, ndikufuna nyimbo ija. Akuyang'anana, kenaka onse pamodzi akuyamba nyimbo yotamanda Mtsogoleri, ija timaimba ndi ana m'mawa uliwonse.

Mudzi wachiwiri, chimodzimodzi. Mbiri yafika ine ndisanafike, akuti kukubwera kazitape wovala tayi. Ngakhale gogo wina wopanda mano, amene akuti ankatsogolera gule wa tchopa, wandiimbira yomweyo ataimirira njo.

Nyimbo zomwe ndalemba: palibe. Chomwe ndatola: chimfine.

Lachinayi

Ndikuvundukula chiguduli chonyowa pa chiboliboli changa. Mutu watha. Ndi wokongola. Koma dazi ili ndi la yani? Ine tsitsi ndili nalo lonse. Nanga makutuwa?

Mayi a Gelesi sakubisa: "Inu munachoka, dothi limauma. A Muhiwa anabwera kudzafunsa za buku la kusukulu, ndiye ndinati takhalani apo. Anthu aja amadziwa kukhala phee."

Masana onse! Pakhonde panga, pampando wanga, mkazi wanga akuwayang'anitsitsa makutu. Anawapatsanso thobwa. Nsanje yandigwira, ndipo sindikudziwa kuti ikundiwawa kwambiri ndi iti, ya mkazi kapena ya dothi.

Ndikuti amatepo tsitsi. Akuti lauma kale, lisweka. Aliyense wodutsa akugwira chipewa, kupereka moni kwa chibolibolicho: "Mwaswera bwanji a Muhiwa?" Kenaka chikhakhali.

Lachisanu

A tcheyamani a nthambi ya chipani afika ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Amva kuti pano pali munthu amene wadziumbitsa. Akuzungulira chiboliboli pang'onopang'ono. "Aphunzitsi, dziko lino nkhope yoikidwa poyera ndi imodzi. Uyu ndi ndani?"

Ndikuimirira mwamantha. Koma m'mantha momwemo mwabwera kachimwemwe. Ndikuyankha mokweza: "Taonani nokha dazilo, bwana. Ndi a Muhiwa. Anachita kukhalira okha pampando."

Anyamata aja apita kukawatenga. Ndikuona kale njinga ija ikuchita dzimbiri, eni ake ali m'ndende.

A Muhiwa afika, akuvula chipewa, osanjenjemera ngakhale pang'ono. "Ndi choopsezera anyani, bwana. Anyani a m'phiri andithera nanazi. Ndinati poti nkhope yangayi ngakhale ana amaithawa, ndiigwiritse ntchito."

A tcheyamani aseka mpaka misozi. Akuti uku ndiye kumvera mawu a Mtsogoleri oti tilimbikire kumunda. Akuti akawatchula pamsonkhano. Anyamata aja anyamula chiboliboli changa pa chitseko chakale kupita nacho kumunda kwa a Muhiwa, akuyenda mosamala ngati anyamula wodwala. Ine ndawagwirira kumiyendo, poti ndinauzidwa.

Loweruka

Sisitala wamva. Wabwera ndi kamera. A Muhiwa aima pafupi ndi chiboliboli, dzanja la wotchi paphewa pake, kwaya kumbuyo. Sisitala akuti chithunzi atumiza kwawo, akaone kuti kunonso oimba amalemekezedwa.

Ndikuyesa kufotokoza kuti nzeru yonse inali yanga. A tcheyamani, amene abweranso kudzaonerera, atembenuka: "Mwati bwanji aphunzitsi?" Ndikuti ndimanena za nyengo.

Sisitala wandipempha ndisendere uko, mthunzi wanga ukulowa m'chithunzi.

Mayi a Gelesi alandira maoda atatu a zoopsezera anyani. Onse akufuna cha makutu omwewo.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndapempherera mvula yamphamvu. Dothi lija silinawotchedwe, lisungunuka. Pobwerera ndadzera kumunda kuja kukaona. A Muhiwa amangapo kadenga ka udzu.

Kunyumba Gelesi ndi anzake akusinja chinangwa, akuimba nyimbo yatsopano: za bambo wadazi amene sagona, sadya, amangolondera nanazi. Mudzi wonse waidziwa kale. Kunena zoona ndi yokoma, ndipo zimenezo ndiye zikundipweteka.

Ndatulutsa kope. Sanasiye kuimba, poti pakhomo pano palibe amene amandiopa. Ndailemba yonse, mawu ndi mawu.

Nyimbo yoyamba m'buku langa. Dzina la a Muhiwa likutchulidwamo m'ndime iliyonse. Langa ndalemba ndekha kunsi, ndi pensulo.