Njerwa za a Sindigulitsa

Ndiye mukuti simunawadziwe a Sindigulitsa? Munthu wogulitsa zikwama koma wodana ndi ogula. Ukaloza chikwama pashopu pawo, nkhope inkagwa ngati wawapempha mwana.

Ine n'kuti nditangobwera kumene kuchokera kunja, miyendo ikuyabwabe, ndipo anzanga akumeneko anali m'njira kudzakwera nane phiri. Ndinkafuna chikwama chobereka kumsana, chobiriwira, chimene chinkalendewera pakhomo. Kunjako umangoloza, kulipira, n'kumapita. Ndinawauza zimenezo, ndipo ndi pomwe ndinalakwitsa.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti kuphiriko ndinatayako chiyani. Nditati n'kungosangalala chabe, anafuna kudziwa ngati mayi anga akudziwa.

"Bambo, ndabwera kudzagula chikwama, osati kudzafunsira mkazi."

"Onse amatero, achimwene. Mawa lake ndimachipeza chili m'matope."

Kenako anasolola njerwa pansi pa tebulo, kuzilonga m'chikwamamo, kundibereketsa, n'kundiuza kuti ndizungulire msika. Iwo pambuyo, akukuwa kuti ndiwongole msana. Amayi a tomato anaseka mpaka kugwira nthiti. Nditabwerako, thukuta lili kamukamu, anasisita chikwamacho, osati ine ayi, n'kunena kuti chatopa, ndibwere mawa.

Mawa lake akuti malamba sanandizolowere. Tsiku linanso akuti ndimayenda ngati munthu wothawa kwawo, ndipo chikwama chawo sichipita ndi othawa. Ndinachoka osatsanzika, makutu akutentha.

Phirilo ndinakwera ndi chikwama chakusukulu cha mlongo wanga, chapinki, chojambulidwa kamphaka. Zithunzi zake anzanga aja amanditumizirabe.

A Sindigulitsa atamwalira, shopu inatsala m'manja mwa mkamwini wawo. Posachedwapa ndinapitako. Chobiriwira chija chikadalipo, chitasuluka ndi dzuwa. Ndisanaloze n'komwe, mkamwini anali atachitsitsa kale, akufunafuna pulasitiki yokulungira. Sanafunse kopita, sanafunse za mayi. Ndinachibereka, ndipo chinandikwana bwinobwino. Ndinaima nacho pakhomo, msana nditawongola, koma msika wonse palibe amene anacheuka.

Ndinachibwezera pamsomali pake. Pansi panali theka la njerwa, atatchingira chitseko kuti mphepo isachitseke.

"Iyi mukugulitsa?"

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma uja sabweza wogula. Ndinabwera nayo kunyumba m'manja.