Sabata Yomwe x Anali 1

Lolemba

Ahedi andiitana. Aphunzitsi a masamu aja anapita ku Karonga "kwa masiku atatu" teremu yatha, ndiye Fomu 1 ndi yanga. Ine! Mphunzitsi wa Chichewa ndi Baibulo, amene masamu tinasiyana nawo mwamtendere kalekale.

Lachisanu kukubwera woyendera sukulu. Ahedi akuti: "Phunziro likayenda bwino, kalata yanu yosamukira ku Ntcheu ndisayina tsiku lomwelo." Chaka chachinayi ndili kuno ku Wenya. Mkazi wanga ali ku Ntcheu, ndipo mwana wanga pa foni amanditcha amalume. Ndikufuna kwathu, sindikubisa.

Mutu wa phunziro: kupeza x pa samu ya mafulakishoni. Chitsanzo: x/2 + x/3 = 5.

Dongosolo langa:
1. Kuwerenga buku.
2. Kumvetsa.
3. Kuphunzitsa.
4. Kulongedza katundu.

Lachiwiri

Buku lilipo limodzi sukulu yonse. Chiswe chinayamba kuliwerenga ine ndisanafike, ndipo chikuoneka kuti chimakonda mafulakishoni. Chasiya mzere umodzi wokha: chulukitsani ndi nambala yomwe manambala apansi onse amalowamo. Masamba a mayankho chinamaliza kale. Zikomo kwambiri, anzanga.

Palibe vuto. 2 ndi 3 amalowa mu 6. x/2 akusanduka 3x, x/3 akusanduka 2x. Nanga 5? Iyeyu alibe nambala pansi, sanalakwire munthu, ndikumusiya. 5x = 5. x = 1.

Wani! Yankho laudongo chonchi lingakhale lolakwa? Kani masamu ndi ophweka, anthu amangotiopseza.

Lachitatu

Ndikuphunzitsa ngati munthu wobadwira pa bolodi. Kuti asaiwale ndapeka kanyimbo: "Wopanda chapansi sakhudzidwa, musiyeni, musiyeni!" Atsikana akutsogolera, anyamata akuvomera, madesiki asanduka ng'oma.

"Tapulika, asambizgi!" Kutanthauza kuti tamva, aphunzitsi. Zaka zinayi akhala akundiuza mawu amenewa asanamve kanthu. Lero amvadi. Masamu khumi, ndachonga ndekha, onse akhoza. Ngakhale aja amayenda maola awiri wapansi n'kufikira kugona m'kalasi, akhoza!

Ndagula thumba latsopano lolongedzeramo mabuku.

Lachinayi

Nthawi yopuma. Ndakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi, pomwe netiweki imakhala ikafuna. Ndikudzitama kwa mkazi wanga, amene amagulitsa chimanga pamsika. Ndikumuwerengera samu yonse ndi yankho lomwe.

Iye akuti: "Abambo, tinene kuti x ndi thumba limodzi la chimanga. Theka la thumba, kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba, zikwane matumba asanu? Bwerani msanga mudzathetse njala ku Ntcheu."

Ndikulemba pansi ndi kamtengo. 6 uja amayenera kuchulukitsa aliyense, ndi 5 yemwe! 5x = 30. x = 6. Theka la 6 ndi 3, gawo linalo ndi 2, pamodzi 5. Zoona.

Ndathamangira m'kalasi. Ndikufufuta, ndikufotokoza, ndikupepesa, ndikutuluka thukuta. "Tapulika, asambizgi!" Koma kamvekedwe kake ndi kakale kaja, kondithamangitsa. Belu lalira. Akutsika phiri akuimba musiyeni, musiyeni.

Lachisanu

Woyendera sukulu wafika panjinga yamoto. Ndi mayi wa magalasi. Akudzifotokoza kuti asanakwezedwe ankaphunzitsa masamu. Inde. Akanakhala wa zaulimi dziko likanatha?

Zomwe ndakonza:
- choko chatsopano
- tayi wobwereka kwa ahedi
- pemphero lalifupi

Ndikulemba samu ija pa bolodi. Ndikuchulukitsa mosamala, mmodzimmodzi. Ndafika pa 5, ndalemba 30. Kalasi yang'ung'udza. Mtsikana wa kutsogolo, amene chiyambire chaka sanakwezepo dzanja, waimirira: "Asambizgi, mwalakwitsa! 5 sakhudzidwa!"

Basi nyimbo yabuka. Mawu apamwamba ndi apansi, ndi m'manja momwe. Sanaimbepo bwino chonchi ngakhale pa asembule.

Mayi aja avula magalasi. "Nyimboyi anakuphunzitsani ndani?" Zala zonse kwa ine. Ana okhulupirika, Mulungu awadalitse.

Loweruka

Ahedi andipeza ndikuchapa. Abwera kudzatenga tayi wawo. "Mayi aja akuti mphatso yophunzitsa muli nayo, ana sanataye ngakhale liwu limodzi. Koma simuchoka kuno musanachotse nyimbo ija m'mitu mwawo. Fomu 1 ndi yanu mpaka chaka chithe, mwinanso muwatsatire ku Fomu 2."

Kalata yanga yabwerera m'dirowa. Chiswe chili ndi ndiwo.

Ndapita kumjigo kukatunga madzi. Amayi awiri akupopa motsatira kanyimbo. Sakudziwa x, sakudziwa fulakishoni, koma akudziwa kuti wopanda chapansi sakhudzidwa. Mmodzi akundiweyulira: "Yewo, asambizgi, nyimbo yiweme!" Akuti zikomo, nyimbo yabwino, eti. Yewo, amama.

Lamulungu

Kutchalitchi sindikumva ulaliki. Woimba kiyibodi akuyesa makiyi, ndipo ndikulumbira kuti ndi nyimbo yanga.

Thumba latsopano lija ndabwereka aneba, akuikamo nyemba.

Dongosolo latsopano:
1. Kupeka nyimbo ina, yoti 6 amakhudza aliyense.
2. Kuyesa yankho ndisanatsegule pakamwa.
3. Palibe chachitatu.

Masana ndakweranso chulu. Mkazi wanga akuti Lamulungu lililonse ndizimuwerengera masamu a sabata yonse ana asanawaone. Ndavomera. Ulemu unatsala pa bolodi Lachisanu.

Wapereka foni kwa mwana. "Amalume, mubwera liti?" Ndikumuuza kuti ndikuwerengetsa masiku.

Amayi ake chapatali: "Auze asawerengetse okha."