Ndinatseka sewero la Atchaina eni ake ali pakati

Mpaka lero ndikamadutsa ku Chinatown, dera la Atchaina mu Liverpool muno, ndimayenda chozolika. Chinandichititsa manyazi ndi batani limodzi la pakompyuta.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito mu labu ya chipatala china. Mnzanga wapantchito, Mei, anali m'gulu la zisudzo lotsogoleredwa ndi bambo ake, a Lau. Ankachita masewero akale a ku China, aja oimba ndi mawu okwera kwambiri, nkhope atazipaka utoto, manja a malaya akulendewera mpaka m'mawondo. Koma oonera ankachepa chaka ndi chaka, poti ana obadwira kuno samva chinenero cha makolo awo (ngati Tadala wanga, amene ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi).

Ndiye Mei anakonza sewero lina lakale kuti achinyamata alikonde. Analifupikitsa, anaikamo gitala, n'kumasulira nyimbo zonse m'Chingerezi kuti mawu azioneka pachinsalu pamwamba pa siteji. A Lau sizinawasangalatse. Anangolola chifukwa mwana wawo anawachonderera.

Tsiku la sewero, mnyamata woonetsa mawu pachinsalu anadwala. Mei anandiimbira foni.

"Koma ine Chitchaina sindimva," ndinatero.

"Palibe vuto. Bambo akhala pambali panu. Akagwedeza mutu, inu dinani batani kuti mzere wina ubwere."

Ndinavomera. Ndinatenganso akazi anga kuti akaone mwamuna wawo akuyendetsa zinthu za Atchaina, ndipo anakhala pampando wa kumbuyo kwanga.

Nkhani yake inali ya msilikali amene anangokwatira kumene, n'kupita kunkhondo, n'kufera komweko. Poyamba zinayenda bwino: a Lau gwedezu, ine dinu. Kenako nyimbo inafika pokoma. Mkulu uja anatseka maso n'kuyamba kugwedeza mutu motsatira ng'oma. Ine osadziwa, ndinkangodina. Ndinaona ndithu kuti mizere ikuthamanga, koma ndinadziuza kuti mwina Chitchaina chimanena zambiri m'mawu ochepa (ine munthu wa digiri ameneyo).

Pasiteji msilikali anali akumwa tiyi wa ukwati, akumwetulira. Pachinsalu panalembedwa kuti, "Mkondo wandilasa, ndikufa." Mayi wina wachizungu anatulutsa kansalu n'kupukuta misozi. Mkwatibwi anayamba kuvina mosangalala, chinsalu chikuti, "Ndatsala wamasiye, nditani ine?"

Akazi anga anandikodola pamsana.

"Abambo a Tadala, mayiyu mwamuna wamwalira koma akusekerera chonchi? Wamupha yekha ameneyu."

"Ndi chikhalidwe chawo," ndinanong'ona, n'kudinanso.

Mzere wotsatira unali wa zilembo zikuluzikulu, wonena kuti sewero latha, zikomo pobwera, muyende bwino. Azungu anaomba m'manja mwaulemu n'kuyamba kuvala majekete. Msilikali anali atangosolola lupanga kuti anyamuke ulendo wa kunkhondo. Anaima choncho, mwendo umodzi m'mwamba, akuona anthu akutuluka.

A Lau anatsegula maso. Anayang'ana chinsalu, kenako ine. Sanakalipe.

"Mwana wanga anadula theka la seweroli," anatero motsitsa mawu. "Inu mwadula lotsalalo."

Mei anathamangira kukhomo kukabweza anthu. Ambiri anabwerera. Ndinabweza mizere m'mbuyo, iye ataima pambali panga n'kumandigwira paphewa nthawi yodina ikakwana. Msilikali anafa kachiwiri, koma ulendo uno analira ndi mkwatibwi yekha. Achinyamata akumbuyo ankangoseka.

Kuntchito Mei anakhala masiku angapo akungondipatsa moni wapakamwa. Pambuyo pake anandiuza kuti mdzukulu wa a Lau anawafunsa agogo ake kuti nyimbo ya ukwati ija imanena chiyani kwenikweni, ndipo mkulu uja anamuimbira yonse ali m'basi. Chinsalu sanachichotse. Amene anachotsedwa ndine.

Ndinadziuza kuti sindidzavomeranso ntchito imene sindikuidziwa. Mwezi wotsatira ku tchalitchi kwathu abusa analengeza kuti agula makina oonetsera mawu a nyimbo pakhoma, ndipo akufuna munthu wodziwa kuwayendetsa. Dzanja langa linali litafika kale m'mwamba. Akazi anga analigwira n'kulitsitsa pang'onopang'ono, maso ali kuguwa.