Wigi Yobwereka ndi Ndowa ya ba Dokotala

Anzanga, ine amake Tisa wa ku Kabwata, amene sukulu ndinalekera panjira, ndinaphunzitsapo ku yunivesite. Musaombe m'manja msanga, imvani kaye mmene ndinaphunzitsira.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, tikufola mizere ya sopo ndi mafuta ophikira. Atate ake a Tisa anali atangopeza kumene ntchito yosesa m'kalasi ya ba Dokotala Sakala, amene ankaphunzitsa mmene mafupa ndi minofu zimanyamulira thupi. Akuti ophunzira awo ankangosinza, choko kumangothera pabolodi. Ndiye ba Dokotalawo anaganiza zobweretsa munthu wamoyo, mayi wosenza ndowa yodzaza, kuti anawo aone ndi maso mmene khosi ndi msana zimathandizirana. Bambo akwathu anadziguguda pachifuwa: "Ba Dokotala, mkazi wanga satayako ngakhale dontho." Sananame ayi. Ine ndowa ndimasenza mwana ali kumbuyo, manja akusenda mtedza.

Koma yunivesite, anzanga! Ndipite ndi duku ndi patapata ngati ndikupita kuchigayo? Ndinathamangira kwa ba Mwaba, neba wathu wochokera ku Kitwe, nandibwereka wigi ndi nsapato zija zazitali ngati njerwa. "Mayo, mwaoneka monga ba sekeletale!" Nkhata yanga yansanza ndinaisiya dala, ati ingandichititse manyazi.

Kalasi yake ngati tchalitchi, mipando kukwera mpaka kudenga, anyamata andevu ali mbwee. Ba Dokotala analemba mzere wa choko pansi. "Amayi, muyende apa monga mumayendela kunyumba." Atayang'ana kumapazi kwanga anafunsa mwaulemu, "Simungavuleko nsapato?"

"Iyayi ba Dokotala, ndiye zamene nimavala masiku onse."

Bodza lamkunkhuniza! Bambo ali pakona ndi tsache anangozyolika.

Anandisenzetsa ndowa, koma pamutu sindinamve kanthu. Chitsulo pa tsitsi la nayiloni chinkangoterera. Inu mukudziwa kuti ndowa timaimva ndi paliwombo, nthaka timaimva ndi zala zakumapazi, ndiye ine konseko ndinali nditatsekako ndi zobwereka. Ndinayambapo choncho, njenjenje ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa.

"Onani khosi! Onani chiuno!" ba Dokotala akuloza ndi ndodo, ana onse maso pa ine. Nditamva za chiunozo, mtima unakula, ndinayamba kuchigwedeza ngati atsikana a m'tauni oyenda mu Cairo Road. Anandituma ndani? Nsapato yakumanzere inapotoka, ndowa inatsetserekera kumbuyo, nayonso wigi inasankha kutsagana ndi ndowa. Ndipo manja angawa, m'malo mogwira ndowa, anathamangira wigi! Khu! Ndili gada pasimenti, madzi khwaa pa mapepala ndi buluku la ba Dokotala, tsitsi langa losapesa lili poyera, wigi ikuyandama kulowera kuchitseko ngati mphaka womira.

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Wina kumwamba uko anakuwa, "Amayi, tsitsi yathawa!" Ine ndinkangolakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Ndinayang'ana bambo, mumtima ndikuti basi ntchito ija ndaithira madzi, Tisa adya chiyani? Iwo anali atayamba kale kukolopa, osandiponyera ndi diso lomwe.

Koma ba Dokotala, buluku lili chonyowa, anathamangira pabolodi. "Ndani angatiuze chifukwa chake amayi agwa?" Manja m'mwamba kalasi yonse, ndi osinza aja omwe! Ba Dokotala anandijambula ndi choko, miyendo kumwamba, timivi kuloza pabondo, pachidendene, pakhosi. Ophunzira anatsutsana za kugwa kwanga mpaka nthawi kuwathera, mwini wakene ndili pampando ndikudontha, kumutu nditafunda thaulo lopukutira bolodi.

Madzulo bambo anafika akumwetulira. "Amake Tisa, nchito ikalipo. Ba Dokotala akuti sanaphunzitsepo bwino chonchi. Akupempha kuti mubwelenso chaka chamawa, mukagwe chimodzimodzi."

Ndinawayankha kuti mafupa nawonso ali nawo, ndipo wolembedwa ntchito kumeneko ndi iwo, akagwe okha. Ine ku yunivesite sindidzapondakonso, pokhapokha tsiku limene Tisa adzavale gauni, ndipo ndikakhala mpando wakumbuyo kwenikweni, nditawerama.