Mafuta pa Mpando wa Madamu Saidi

Mpaka lero aphunzitsi anzanga akandiona ndanyamula kabotolo kalikonse, ngakhale ka guluu, amakokera mipando yawo kutali. Amaseka, nane ndimaseka nawo, koma mumtima manyazi amandigwirabe.

Ndimaphunzitsa sitandade 3 pasukulu ina kufupi ndi Chia. Nditangofika kuchokera kwathu ku Dedza, amene anandilandira ndi Madamu Saidi, mphunzitsi wa sitandade 5, Msilamu wobadwira konkuno. Ndiwo anandiphunzitsa kusankha mpunga wabwino ndi kukazinga chambo osachiphwanya. Mayi anga atamwalira anakwera nane minibasi mpaka kumudzi, nakhala m'tchalitchi mwambo wonse atafunda mpango wawo. Munthu wotere sumuiwala.

Chaka chatha amuna awo anadwala, mbali imodzi ya thupi inasiya kugwira ntchito. Madamu anayamba kuwonda, kuseka kwawo kuja kunachepa. Zinkandipweteka kwambiri. Ndinkafunitsitsa kuwauza mmene Yesu anandilimbitsira pa maliro a mayi, koma ndikati nditsegule pakamwa, pankatuluka za choko ndi mayeso. (Ine yemweyo amene ndimalongolola ndi ana tsiku lonse osamwa madzi!) Ndinkaopa kuti aona ngati ndikunyoza chipembedzo chawo, ubwenzi wathu n'kuthera pomwepo.

Ku mapemphero a amayi Lachinayi lina, mtsogoleri wathu anati wamanyazi ayambe wapempherera mnzakeyo, kulankhula kubwera pambuyo. Malangizo abwino ndithu. Koma mayi wina anaonjeza kuti iye anadzoza mafuta pilo wa mwamuna wake, bambowo n'kusiya mowa. Ine malangizo abwino aja ndinawasiya pabenchi, n'kunyamula a pilowo.

Pilo wa Madamu Saidi sindikanamupeza, koma mpando wawo unali m'chipinda chathu cha aphunzitsi, pafupi ndi zenera. Ndinayamba kulawirira kusukulu anzanga asanafike. Ndinkagwada, kusanjika manja pa mpandowo, n'kumanong'ona dzina lawo ndi la amuna awo. Kenaka ndinaona kuti manja okha sakukwanira. Ndinathira mafuta ophikira m'kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa, n'kumapaka pang'ono pokhalira ndi potsamira.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti a Bwanali, alonda athu, ankandionera pazenera paja asanaweruke. Komanso inali nthawi imene ahedi ankafuna wachiwiri wawo, ndipo mayina amene ankamveka anali awiri, langa ndi la Madamu. (Inuyo mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Ine ndekha ndi amene sindinkaona.)

Tsiku lina mafuta abwino atandithera, ndinatsanulira m'kabotolomo otsala pokazinga usipa. Ndinati Mulungu sayang'ana fungo. Mulungu mwina ayi, koma nyerere zimayang'ana. Pofika nthawi yopuma, mpando wonse unali bii, mzere wa nyerere kuchokera pakhomo, kulambalala mipando ina yonse, kulunjika wa Madamu basi. Aphunzitsi anangoyang'anana.

Kuyambira pamenepo Madamu anasiya kukhala pa mpandowo. Makope ankachongera pa kabenchi pansi pa mtengo wa mango. Chinangwa chophika chimene ndinkawagawira ankachilandira ndi manja awiri, n'kuchiika pambali osadya. Moni wawo unafupika.

Mukuganiza kuti ndinazindikira? Ayi ndithu. Ndinakachitira umboni kwa amayi aja kuti Mzimu wayamba kugwira ntchito, mnzanga akusowa mtendere mpaka akulephera kukhala pansi. Anaomba m'manja, ine n'kulimbikira. Ndinasamutsira utumiki wanga pa kabenchi ka pansi pa mango paja.

Ndi pomwepo anandipeza. Ndili chigwadire, maso otseka, chala chili noninoni, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?"

Nditacheuka, anali Madamu, a Bwanali ataima chapatali. Nkhope yawo sinali yokwiya. Anali kulira.

"Ngati ndi udindowo, tengani, wallahi ine sindikuufuna," anatero. "Kunyumba ndili ndi wodwala. Inenso ndikagwa, amutembenuza ndani? Anthu akhala akundiuza, ine kumakana kuti mnzanga sangandichite zotere. Lero ndadzionera ndekha."

Apo mpamene ndinadziona mmene ankandionera anthu: mzimayi wolawirira m'mawa, kabotolo m'manja, akunong'oneza mpando dzina la mnzake.

"Madamu, si mankhwala," ndinatero. "Ndi mafuta ophikira. Ndimakupemphererani."

Anatenga kabotoloko, nakanunkhiza. "Usipa?"

"Abwino anatha."

Anandiyang'ana, kenaka anaphulika kuseka, misozi ikutsikabe, mpaka anakhala pa kabenchi ka mafutako osazindikira. A Bwanali anapukusa mutu n'kumapita, okhumudwa ngati munthu amene walandidwa nkhani yokoma.

"Ndiye masiku onsewa ine osagona, kuwerenga duwa, mapemphero athu achisilamu, kuti Mulungu anditeteze kwa inu, inu mukundipempherera? Bwanji osangonena?"

"Ndimaopa kuti mundida."

"Ndikudeni chifukwa cha pemphero? Ine chimwalirire mayi anu ndimakutchulani m'mapemphero pa swala iliyonse, koma sindinapakepo kanthu pa mpando wanu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mpando sutopa, achemwali. Wotopa ndine. Ngati mukupemphera, gwirani dzanja ili."

Ndinaligwira, mafuta ndi mafuta. Ndinawafunsa ngati ndingapemphere m'dzina la Yesu, iwo anati ndipemphere mmene ndimadziwira. Linali pemphero lokhotakhota, lachibwibwi, loipitsitsa mwa onse amene ndinapempherapo. Nditatha ndinawauza zonse zimene ndinkalephera kunena zija, za maliro a mayi, za mmene ndinalimbira mtima. Anamvetsera mpaka belu linalira, osandidula.

Udindo uja anapatsidwa bambo wina wochokera ku Benga. Madamu akupitabe kumzikiti, ine kutchalitchi. Amuna awo tsopano amafika pakhonde ndi ndodo, ndipo sitinakanganepo kuti layankhidwa ndi pemphero la ndani. Loweruka ndimapita kukawathandiza kuchapa zofunda, ndipo ndisanatsanzike bambowo amatambasula okha dzanja lawo lamphamvulo kuti ndipemphere.

Ndinaphunzira kuti pemphero lobisira mwini wake limatha kuoneka ngati ufiti, ndiye masiku ano ndimayamba ndapempha. Banga la mafuta likadalipo pa mpando paja. Ndinapeza kalipentala kuti alipale, koma Madamu anakana.

"Lisiyeni," anatero. "Ndikakhalapo ndimakumbuka kuti pali munthu ankandilawirira m'mawa. Kungoti wopanda nzeru."